ZA MAATOMU, TIZINTHU TOMANGA DZIKO LONSE

1. Kodi pali polekezera?

Mai akathira chimanga mumtondo nachikonola, gaga achoka, nitsala mphale. Akaviika mphaleyo m'madzi, naisinja, naisefa, apeza ufa woyera wosalala. Koma munthu akatapa ufawo ndi nsonga ya chala, nauyang'anitsa padzuwa, aona kuti ndiwo timibulu tambirimbiri. Tsono funso ndi ili: kodi kambulu kamodzi kangathe kusweka pakati, ndi theka lache kuswekanso, kufikira liti? Kodi pali polekezera?

Funso limeneli si la lero ai. Zaka ngati 400 asanabadwe Yesu Kristu, m'dziko la Greece munali munthu wanzeru, dzina lache Democritus. Iyeyo anaphunzitsa kuti munthu akadula chinthu, nachidulabe, potsiriza adzafika pa kanthu kamene sikadulikanso. Kanthuko anakatcha "atomos", ndiko kunena kuti chosadulika. Ndipo m'mau amenewa munachokera dzina lakuti atomu. Koma Democritus anangolingalira mumtima chabe. Analibe njira yotsimikizira mau ache.

Patapita zaka zoposa 2,000, ku England kunabadwa John Dalton, mwana wa munthu wosauka woomba nsalu. Dalton anayamba kuphunzitsa ana anzache pa sukulu ya m'mudzi ali ndi zaka 12 zokha. Atakula anakhala mphunzitsi mumzinda wa Manchester, namayesa mipweya ndi zinthu zina pa muyeso. M'chaka cha 1808 anasindikiza zimene anapeza: kuti maatomu ali a mitundumitundu, kuti mtundu uli wonse uli ndi kulemera kwache, ndi kuti maatomu alumikizana mwa chiwerengero chosasinthika.

2. Kuchepa kwa atomu

Atomu ichepa koposa zonse zimene diso lidaziona. Utitiri uchepa, fumbi loyandama m'kuwala kwa dzuwa lichepa koposa, komatu m'kafumbi kamodzi muli maatomu ochuluka kupambana anthu onse a pa dziko lapansi. Munthu akadakhoza kundandika maatomu pa mzere, monga ana andanda m'mawa pa bwalo la sukulu, pakadafunika maatomu oposa 100,000 kuti mzerewo ulingane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu.

Mwala, madzi, mpweya, khasu, nkhuku, mwana wa sukulu ndi mphunzitsi wache yemwe, zonsezi nzomangika ndi maatomu. Akulu adati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Phiri la Mulanje ndi Nyanja ya Malawi ndiyo mitolo ya tizinthu tosaoneka timeneti.

3. M'kati mwa atomu

Dalton anayesa kuti atomu ndi kambulu kolimba kopanda ziwalo. Koma m'chaka cha 1897, ku Cambridge, J. J. Thomson anapeza kuti m'maatomu muturuka tizinthu tina tochepa koposa atomuyo. Timeneti ndiwo maelekitironi.

Pambuyo pache Ernest Rutherford, wobadwira ku New Zealand, anauza omthandiza ache ku Manchester kuti atenge golide wopyapyala kopambana khungu la anyezi, namlase ndi tizinthu tothamanga kwambiri. Pafupifupi tonse tinangopyola, monga ngati panalibe kanthu. Koma mwa apo ndi apo kamodzi kanabwerera m'mbuyo. Munthu woponya miyala m'dambo usiku, akamva yambiri irikugwa kutali, koma umodzi wagunda nubwerera, adziwa kuti pamenepo paima mtengo, ngakhale sauona. Momwemonso Rutherford anazindikira, nalengeza m'chaka cha 1911, kuti pakati pa atomu pali kaphata kakang'ono kolemera, ndi kuti malo ena onse ali ngati opanda kanthu. Atomu ikadakula ngati bwalo la mpira, phata lache likadakhala ngati kambeu ka mapira pakati pa bwalolo.

M'phatamo muli tizinthu ta mitundu iwiri: mapulotoni ndi manyutuloni. Manyutuloni ndiwo anapezeka potsiriza. Anawapeza James Chadwick m'chaka cha 1932. Pulotoni ndi nyutuloni zilingana pafupifupi polemera, koma elekitironi ipepuka kwambiri: pafunika maelekitironi oposa 1,800 kuti alingane ndi pulotoni imodzi. Maelekitironi akhala kunja kwa phata, nalizinga ponseponse osapumula, monga njuchi zizinga mng'oma.

Chowasunga kuti asamwazike ndicho mphamvu ya magetsi. Mphamvuyi iri ya mitundu iwiri. Wina uli m'mapulotoni, wina m'maelekitironi, koma nyutuloni iribe. Mitundu yosiyana ikokana, yofanana ikankhana. Mwana akakhuza chipeso cha pulasitiki pa tsitsi louma, nachiyandikiza ku tizidutswa ta pepala, timapepalato tilumpha nitimamatira ku chipeso. Chachitika nchakuti maelekitironi ena achoka ku tsitsi napita ku chipeso. Mphezi ya nyengo ya dzinja ndiyo mphamvu yomweyi, koma yaikulu ndi yoopsa.

4. Mitundu ya maatomu

Chosiyanitsa mtundu wina wa atomu ndi unzache ndicho chiwerengero cha mapulotoni a m'phata. Atomu ya pulotoni 1 ndiyo haidirojeni, yopepuka koposa onse. Ya mapulotoni 6 ndiyo kaboni. Ya 7 naitirojeni. Ya 8 okosijeni. Ya 26 chitsulo. Ya 79 golide. Chinthu chimene maatomu ache onse ali a mtundu umodzi achitcha elementi. M'chaka cha 1869 Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandika maelementi 63 odziwika masiku amenewo, nasiya mipata ya ena amene anati adzapezeka, ndipo anapezekadi. Lero adziwika maelementi 118. Oposa 90 apezeka m'chilengedwe. Otsalawo anawapanga anthu ndi makina.

Wina angafunse kuti, nanga mitundu yowerengeka chotere ipanga bwanji zinthu zosawerengeka za m'dziko? Yankho lache liri pa sileti ya mwana wa kalasi loyamba. Zilembo za alifabeti nzowerengeka, koma mau olembedwa nazo alibe malekezero. Zilembo zinai, m, e, t, a, zilemba "meta". Zomwezo zikasinthana malo zilemba "tema". Kumeta mutu ndi kutema mutu nzosiyana kutali!

Chomwecho maatomu agwirana, pobwerekana kapena pogawana maelekitironi ao akunja, ndipo chobadwacho sichifanana ndi makolo ache. Haidirojeni ndi mpweya woyaka msanga. Okosijeni ndi mpweya wokolezera moto. Koma maatomu awiri a haidirojeni akagwirana ndi imodzi ya okosijeni, pabadwa madzi, ozimitsa moto. Sodiyamu ndi chitsulo chofewa chimene chiwira mwaukali chikagwa m'madzi. Kilorini ndi mpweya wakupha. Koma ziwirizi zikalumikizana zikhala mchere wothira m'ndiwo. Ngakhale elementi imodzi yomweyo isintha maonekedwe monga mwa kundandikika kwa maatomu ache: makala akuda, mtima wa pensulo, ndi mwala wonyezimira wa dayamondi, zonsezi ndi kaboni.

5. Anai akulu a m'thupi

Mwa maelementi onsewo, anai ndiwo asenza pafupifupi thupi lonse la munthu. Pa magawo 100 a kulemera kwa thupi, magawo ngati 65 ndi okosijeni, 18 kaboni, 10 haidirojeni, ndi 3 naitirojeni. Okosijeni ndi haidirojeni zichuluka chifukwa thupi la munthu, kuposa theka lache, ndi madzi.

Okosijeni alowanso m'thupi popuma. Pa magawo 100 a mpweya wa kunja, 21 ndi okosijeni. Kandulo yoyaka ikavundikiridwa ndi botolo, iyaka kanthawi nizima, pakuti okosijeni wachepa. Thupi nalo litentha chakudya pang'onopang'ono ndi okosijeni, popanda lawi, nilipeza kufunda ndi nyonga. Nchifukwa chache nkoopsa kugona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka ponse: makalawo adya okosijeni, naturutsa mpweya wakupha wopanda fungo.

Kaboni ndiyo mzati wa zamoyo zonse, pakuti maatomu ache akhoza kugwirana m'mizere itali-itali yokhala ndi nthambi, ndi maatomu ena napachikika pamenepo. Nsima ikapserera, chakuda chotsala pansi pa mphika ndiyo kaboni imene inabisika muufa woyera. Nanga chimanga chinaitenga kuti? Tsamba lobiriwira likoka mpweya wokhala ndi kaboni, umene anthu ndi nyama aturutsa popuma. Mizu ikoka madzi. Ndipo ndi mphamvu ya dzuwa tsambalo lipanga shuga, nilibwezera okosijeni kunja. Chotero zomera ndi nyama zidyetsana.

Naitirojeni ndiye amanga mnofu ndi kukulitsa mwana. Chodabwitsa nchakuti magawo 78 a mpweya wa kunja ndi naitirojeni, koma munthu sangathe kumtenga popuma, ndipo chimanga nachonso sichingathe. Wozula mtedza, nyemba, khobwe kapena nandolo aona timatuza pa mizu. M'timatuzamo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tigwira naitirojeni wa mumpweya ndi kumpatsa mbeuyo. Munthu ampeza pakudya mbeu zimenezi, ndiponso nsomba, mazira, mkaka, nyama, ngumbi ndi mbewa.

6. Ang'ono, koma osati achabe

Magawo anai otsalawo agawana maelementi ena ambiri. Kashiamu ndi fosifolasi zilimbitsa mafupa ndi mano. M'thupi la munthu wamkulu muli kashiamu wokwana ngati kilogalamu imodzi. Kashiamu yemweyo ali m'chigoba cha dzira, m'chigoba cha nkhono, ndi m'njereza yopaka nyumba. Usipa ndi matemba zipatsa kashiamu wambiri, popeza anthu azidya ndi minga yomwe.

Potaziyamu athandiza mtima ndi minofu kugwira ntchito. Apezeka m'nthochi, m'mbatata ndi m'nyemba. Ndipo ndiye ali m'phulusa limene amai acheza chidulo cha therere.

Chitsulo chimene makolo anali kusungunula m'ng'anjo ndi kusula makasu, chomwecho chiri m'magazi. M'thupi la munthu wamkulu muli magalamu ngati 4 okha, ndiwo okwana kusula msomali umodzi. Komatu ndicho chifiiritsa magazi, ndipo ndicho chinyamula okosijeni kuchoka ku mapapo kufikira ku zala za kumapazi. Chikachepa, mwana atuwa m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope, atopa msanga, nawodzera m'kalasi. Anthu ati wachepa magazi. Chitsulo chipezeka m'chiwindi, m'nyama, m'nsomba, m'nyemba, ndi m'masamba monga bonongwe ndi nkhwani. Malungo ndi njoka za m'mimba nazo zitha magazi. Chifukwa chache mwana wotuwa ayenera kupita naye ku chipatala.

Ayodini ndi wochepa kwambiri: wa m'thupi lonse sangalemere kuposa kambeu kamodzi ka mpunga. Koma akasowa, khosi litupa, ndiyo nthenda ya chithokomiro. Ndipo mai wapakati akamsowa, nzeru za mwana wache sizikula bwino. Ndicho chifukwa chache mchere wa m'sitolo authira ayodini. Mcherewo uyenera kusungika m'chotengera chotseka, pouma, kuti ayodini asathawe.

7. Munda ndi mbale

Antoine Lavoisier wa ku France, amene anamwalira m'chaka cha 1794, anayesa zinthu pa muyeso zisanapse ndi zitapsa, naonetsa kuti moto suononga kanthu kufikira kutha psiti. Mtolo wa nkhuni ukapsa nutsala phulusa lodzaza manja, maatomu ena onse sanafe. Akwera kumwamba mu utsi ndi mumpweya. Maatomu angoyenda ulendo: kuchoka mumpweya ndi m'nthaka kulowa m'mbeu, kuchoka m'mbeu kulowa m'munthu ndi m'chiweto, ndi kubwereranso.

Pamenepa pali maphunziro awiri. Loyamba ndi la kumunda. Chimanga chiri chonse chokololedwa chichotsa naitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu m'nthaka. Mlimi akangokolola chaka ndi chaka osabwezera, nthaka iguga, masamba a chimanga achita chikasu, ndi nkhokwe sidzala. Wotentha mapesi athamangitsira naitirojeni ndi kaboni kumwamba. Koma wowakwirira, wothira manyowa, wosinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena nandolo, abwezera nthaka ngongole yache. Fetereza wa m'matumba naye ndiwo maelementi omwewa. Ndipo wosiya mtengo wa msangu m'munda achita mwanzeru, pakuti msangu uli wa banja limodzi ndi nyemba. Uyoyola masamba ache m'nyengo ya mvula, ndipo chimanga cha pansi pache chikondwa.

Lachiwiri ndi la pa mbale. Nsima ndi kondowole zipatsa makamaka kaboni, haidirojeni ndi okosijeni, ndizo nkhuni za thupi. Mwana akhoza kukhuta nsima tsiku ndi tsiku, koma thupi lache nkukhalabe ndi njala ya naitirojeni, ya chitsulo, kapena ya kashiamu. Ndiwo si zongotsetserera nsima kukhosi ai. Ndizo njerwa zomangira thupi. Banja logulitsa mtedza wonse, mazira onse ndi nsomba zonse, osasiyako za ana, lagulitsa mafupa ndi magazi a ana ache.

Mlengi anamanga thupi la mfumu ndi la mwana wamasiye ndi maatomu a mitundu yomweyo, ndipo yonseyo anaiika pafupi: m'nthaka ya m'munda, m'madzi a pachitsime, ndi mumpweya wa pabwalo. Ntchito ya munthu ndiyo kusamala nthakayo, ndi kuona kuti pa mbale ya mwana pasasowe kanthu.

MAFUNSO

1. Kodi mau akuti atomu atanthauzanji, ndipo anachokera kuti?
2. Ndi tizinthu titi tikhala m'phata la atomu, ndipo ndi titi tikhala kunja kwache?
3. Nchiani chisiyanitsa atomu ya kaboni ndi ya okosijeni?
4. Maelementi anai ochuluka m'thupi la munthu ndi ati?
5. Timatuza ta pa mizu ya mtedza tigwira ntchito yanji?
6. Chifukwa ninji mwana wokhuta nsima yokha angathe kudwala?