Sienta ikamagunda pa Nselema

Ukaima pasiteji ya pa Nselema tsiku la msika, galimoto zina umayamba kuzimva usanazione. Kumamveka kaye kugunda kwa pansipansi, du! du! du! ngati kuseri kwa phiri akusinja chimanga mumtondo waukulu. Kenako ndiye imatulukira Sienta itadzaza thothotho, matumba atamangidwa kumbuyo, chitseko cha kubuti chikunjenjemera motsatira nyimbo. Anyamata oitanira amakhala atadziwa kale kuti akubwerayo ndi uje, poti aliyense ali ndi kagundidwe kake.

Msewu uwu, wochokera ku Liwonde kudzera pa Ntaja ndi pa Nselema mpaka ku Chiponde ndi ku Namwera, omwe ambiri amautcha Bakili Muluzi Highway, ndi munda wa anyamata ambiri. Pamene galimoto zachuluka ndipo okwera ndi omwewo, nyimbo nazo zasanduka nyambo. Nchifukwa chake mnyamata akangogula galimoto, asanaganize nkomwe za matayala, amayamba wafunsa komwe angapeze ampulifaya.

Mphwanga, mwana wa achemwali anga, adachita zomwezo. Adakhala ku Joni zaka zinayi akugwira maganyu, kudya mosinira, mpaka adakwanitsa kuitanitsa Sienta ya ku Japan yomwe idatsikira padoko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe. M'chikwama chake pobwera mudali ampulifaya yonyezimira, pamwamba pake atalembapo 3000W ndi zilembo zikuluzikulu, komanso chisipika cha besi cha mainchesi 12. Adapereka ntchito yolumikiza kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi mawailesi pakhonde la sitolo. Pofika madzulo galimoto idali ikugunda, anthu nkumaombera m'manja.

Padangotha sabata zitatu. Tsiku lina masana akuyandikira pa Ntaja, mayi wina yemwe adakhala kutsogolo adati akumva fungo la pulasitiki wopserera. Posakhalitsa utsi udayamba kutuluka pansi pa kapeti. Okwera adatuluka mopondana, wina nsapato adaisiya momwemo. Mwayi wake ngoti sipanala idali pafupi, adathamangira kukamasula batire moto usanakule. Usiku adandiimbira foni mawu akunjenjemera.

“Amjomba, galimoto ija ikadapita lero. Zaka zinayi zonse zija zikadathera pamsewu.”

Titakaiona m'mawa mwake ndi makaniko wa zamagetsi a galimoto wochokera ku Liwonde, vuto lidaoneka poyera. Waya wochokera kubatire udali uja timalumikizira mababu m'nyumba. Adaudutsitsa pabowo la chitsulo chosiyanitsa injini ndi mokhala anthu popanda kalabala kotchinjiriza. Fyuzi padalibe. Chitsulo chidakhala chikudya khungu la wayawo pang'onopang'ono pabampu iliyonse, mpaka mkuwa udakhudza thupi la galimoto. Batire ya galimoto, ngakhale ndi ya mavoti 12 okha, ikagundana chotero imatulutsa maampeya mazanamazana nthawi imodzi. Waya umasanduka ngati waya wa mbaula ya magetsi.

Tisanawaweruze anyamatawa, tivomereze kuti dandaulo lawo ndi loona. Wailesi yobwera ndi galimoto za ku Japan imatopetsa. Choyamba, kwa zaka zambiri ku Japan nyumba zoulutsa mawu za FM zinkagwiritsa ntchito danga la 76 mpaka 90 MHz, pamene kuno kwathu ndi 87.5 mpaka 108. Ndiye galimoto ikafika, umapeza ikugwira siteshoni imodzi kapena ziwiri, zina zonse zii. Mabatani nawo ali m'Chijapani, ukadina molakwika kumayankhula mayi wina yemwe palibe amamumva. Kuli kachipangizo kotchipa komwe amakalumikiza pawaya wa eriyo kuti masiteshoni athu azigwirika, koma ambiri amangochotsa wailesi yonseyo nkuikapo ina ya Bluetooth ndi fulashi.

Chachiwiri ndi mphamvu. Wailesi zambiri za m'galimoto zimalembedwa kuti 50W x 4, koma mphamvu yeniyeni yomwe zimapereka mosalekeza, ija amaitcha RMS, imakhala pakati pa mawati 15 ndi 20 pasipika iliyonse. Pagalimoto yotseka mawindo mumsewu wosalala zimakwanira. Koma kuno mawindo amakhala otsekula chifukwa cha kutentha, mphepo ikuwomba, anthu akukambirana mitengo ya nandolo. Ukakweza voliyumu, mawu amayamba kusweka. Ndipo nyimbo zomwe timakonda ndi zolemera pansi. Ife oyandikana ndi Balaka tidakulira besi ya Alleluya Band ndi ya malemu Lucius Banda, yemwe adatisiya mu 2024. Achinyamata abwera ndi amapiano a ku South Africa, omwe ng'oma yake imafuna chisipika chachikulu. Timasipika ta m'zitseko sitingaikwanitse. Choncho kufuna ampulifaya si misala ayi. Nkhani ili pa kagulidwe ndi kalumikizidwe.

Tiyambe ndi 3000W ija. Nambala imeneyi ndi ya wotsatsa malonda. Injini ikamalira, magetsi a m'galimoto amakhala pafupifupi mavoti 14. Kuti ampulifaya itulutsedi mawati 3000, iyenera kukoka maampeya opitirira 200. Alternator ya galimoto zing'onozing'ono ngati Sienta kawirikawiri sipitirira maampeya 100, ndipo pa amenewo nyali, fani, mawaipa ndi injini yomwe zikudyapo kale. Njira yachidule yodziwira zoona ndi kuyang'ana mafyuzi omwe ali pa ampulifayayo. Ya mphwanga idali ndi awiri a maampeya 25. Kuphatikiza ndi 50, kuchulukitsa ndi 14 ndi mawati 700 olowa. Ena amatayika ngati kutentha, ndiye otuluka sangapitirire kwenikweni 550. Pogula funsani za RMS. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa kale.

Ampulifaya zilinso mitundu. Za Class AB zimamveka bwino koma pafupifupi theka la magetsi omwe zimakoka limathera kutentha. Za Class D zimataya ochepa, nchifukwa chake ndizo zoyenera kukankha chisipika cha besi pagalimoto yaing'ono. Komabe ya Class D ya mawati 500 enieni ikamagwira ntchito mwamphamvu imakoka maampeya pafupifupi 45. Ukaona nyali zakutsogolo zikuphethira motsatira ng'oma usiku, dziwa kuti alternator ikulira.

Apa pali chizolowezi china chomwe chapha mabatire ambiri pasiteji. Mafuta adakwera mtengo, nthawi zina amasowa kumene, ndiye dalaivala podikira okwera amazimitsa injini koma nyimbo nkumagundabe. Batire ya galimoto adaipanga kuti ipereke mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa poliza injini, kenako ibwezeredwe. Si ya sola, yomwe imapirira kutsitsidwa tsiku ndi tsiku. Ukamaikama chotero sichedwa kufa. Ndipo kumbukirani kuti ma Sienta ambiri ndi a otomatiki, salira ndi kukankha. Umapeza galimoto yadzaza, ndalama watolera, koma kiyi akungoti tcha, tcha. Okwera amatsika nkukakwera ya mnzako, iwe uli kalikiliki kubwereka batire kwa wotchaja mafoni.

Tsono pa waya ndi pomwe pagona moyo wa galimoto, ndipo ndi pomwe ambiri amaumira. Waya wa mphamvu amauyeza ndi geji, ndipo nambala ikachepa waya umanenepa. Ampulifaya yaing'ono imatha ndi geji 8, koma ya mawati 500 imafuna geji 4. Chenjerani ndi waya wooneka wonenepa koma khungu lokhalokha, mkati muli tingapo. Chenjeraninso ndi wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, womwe pachikuto amalemba CCA. Ukaupala ndi mpeni umaoneka woyera mkati, komanso ndi wopepuka m'manja. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 60 pa 100 a momwe mkuwa umachitira, choncho amatentha msanga pokhapokha utagula wonenepa kuposa apo.

Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45, utali wa kuchoka pachigongono kufika kunsonga ya chala. Anthu amati, “Nanga si pa ampulifaya pali kale mafyuzi?” Eya, koma amenewo amateteza ampulifayayo basi. Waya wautali uja wodutsa pansi pa miyendo ya okwera ulibe mtetezi ngati kubatire kulibe fyuzi. Ndipo ikapsa, musamange ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya monga timachitira. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake, fufuzani chomwe yapsera.

Waya wa nthaka, uja wakuda, ukhale waufupi, wonenepa mofanana ndi wa mphamvu, ndipo umangidwe ndi bawuti pachitsulo chopalidwa penti mpaka kuwala. Kalikhweru kaja kamamveka m'masipika, komwe kamakwera ukaponda moto nkutsika ukachotsa phazi, kawirikawiri kamachokera pamenepa, kapena pa mawaya a RCA omwe agonekedwa limodzi ndi waya wa mphamvu. Amisiri odziwa amadutsitsa wa mphamvu mbali imodzi ya galimoto, a mawu mbali inayo. Palinso kawaya kakang'ono, nthawi zambiri kabuluu ka mzere woyera, komwe kamauza ampulifaya kuti wailesi yayaka. Ena akakasowa amangokalumikiza kubatire. Zikatero ampulifaya siigona, imadya batire usiku wonse mwini wake ali mtulo.

Kwa amene akufuna kusunga wailesi yobwera ndi galimoto, vuto limakhala loti kumbuyo kwake kulibe mabowo a RCA. Sikuti zakanika. Ampulifaya zambiri zimalandira mawu kuchokera pa mawaya a masipika, ndipo ngati yanu siitero kuli kabokosi kotchedwa line output converter kotsitsa mphamvu ya mawuwo kuti ampulifaya iwalandire bwino. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kudula mawaya a galimoto mwachisawawa nkumapota ndi mano, kukulunga ndi jumbo. M'galimoto za masiku ano mawaya a wailesi amayendera limodzi ndi a zinthu zina. Achikasu nthawi zambiri ndi a airbag. Ndipo pa ma Sienta atsopano a hybrid, omwe adayamba kutuluka mu 2015, ngakhalenso pa Aqua, mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti opitirira 100. Amenewo si oseweretsa pansi pa mtengo wa mango.

Zonse zikalumikizidwa pamatsala kakonono kolembedwa gain. Pafupifupi aliyense amakapotokola mpaka kumapeto poganiza kuti ndi voliyumu. Ntchito yake ndi kufananitsa mphamvu ya mawu ochokera kuwailesi ndi ampulifaya. Kakapitirira, ampulifaya imakakamizika kupereka zomwe ilibe, mawu amadukaduka, ndipo kawaya kopota mkati mwa sipika kamatentha mpaka kupsa. Ambiri amati sipika idali yabodza pamene adaiwotcha okha. Ikani wailesi pa magawo atatu a magawo anayi a voliyumu yake, kwezani gain pang'onopang'ono, mukangomva mawu ayamba kusasa bwererani m'mbuyo pang'ono, basi musiye pomwepo. Onaninso maohm. Masipika awiri a maohm 4 mukawalumikiza mophatikiza mbali ndi mbali amakhala maohm 2, ndipo si ampulifaya iliyonse imapirira zimenezo. Ndi kutentha kwa mwezi wa October kuno ku Machinga, ampulifaya yokwiriridwa ndi matumba a mpunga kubuti imangozima yokha panjira.

Pali mtengo wina womwe sitiuwerengera poti sulipiridwa tsiku lomwelo. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la madesibo 85 munthu angalipirire kwa maola 8 patsiku, koma likafika pa 100 mphindi 15 zokha ndi zokwanira kuyamba kuwononga makutu. Galimoto yokhala ndi chisipika cha besi imadutsa 100 mosavuta. Bungwe la WHO lidachenjeza kuti achinyamata opitirira 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe kotere. Wokwera amatsika pakatha ola limodzi, koma dalaivala amakhala momwemo kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Kulira kwa nkhululu komwe amamva m'makutu akamagona si tulo ayi. Nanga khanda lomwe mayi walifungata mpando wakumbuyo, mutu wake utatsamira pabokosi la chisipika?

Dalaivala amayeneranso kumva msewu: hutala ya njinga yamoto ya kabaza, belu la njinga yakapalasa, ambulansi yothamangira kuchipatala cha boma ku Liwonde, ngakhale kulira kwachilendo kwa tayala lake lomwe. Ndimayamikira madalaivala ambiri a msewu uno pa chinthu chimodzi. Akaona masamba atayalidwa pamsewu, dzanja limathamangira kuvoliyumu asanauzidwe, ndipo amadutsa pamaliro mwakachetechete. Chimodzimodzi podutsa pamzikiti Lachisanu masana. Koma alipo ena, makamaka ongoyamba kumene, omwe amadutsa azana akuitana iwo ali du! du! du! Akuluakulu sayankhula zambiri, amangoiloweza galimotoyo, ndipo tsiku la ulendo amaisiya idutse.

Galimoto ya mphwanga idakhala sabata ziwiri osayenda. Ndalama zokonzera mawaya opsa, kapeti ndi batire yatsopano zidaposa zomwe akadalipira mmisiri wodziwa poyamba paja, osawerengera za masiku omwe sadatolere kanthu. Makaniko uja adaika waya wa mkuwa wa geji 4, fyuzi pafupi ndi batire, kalabala pabowo paja, ampulifaya nkuikweza pathabwa pansi pa mpando pomwe mphepo imadutsa. Gain adaisiya isadafike ndi pakati pomwe, nkumatapo selotepi kuti mwini wake asaigwire.

Sabata yatha ndidakwera nawo kuchoka pa Nselema kupita ku Liwonde. Mudali nyimbo za Lucius Banda, besi ikumveka bwinobwino m'chifuwa koma tikutha kucheza osakuwa. Titafika pa Nsanama adakwera agogo ena ndi nkhuku yawo m'manja, nkupempha kuti atsitseko pang'ono poti mutu ukuwawawa. Mphwanga adatsitsa. Nditasuzumira pansi pa mpando ndidaona selotepi ija idakalipo, ngakhale kona imodzi ikuoneka kuti wina adayesapo kuimatula.