Cham'kamwa, chapamutu: bridle timati chiyani?

Mnzanga wina wa m'kalasi anandifunsa kuti bridle pa Chichewa n'chiyani, ine kukamwa yasaa. Kwathu ku Ludzi kavalo sindinamuonepo. Timadziwa ng'ombe zapangolo ndi abulu. Dzina la nyamayo n'lobwereka kale: kavalo ndi cavalo wa Chipwitikizi, ndipo hatchi amamveka ngati ihhashi wa Chizulu.

Omasulira Buku Lopatulika, pa Salimo 32:9, anachigawa pawiri: cham'kamwa ndi chapamutu. Ine ndimawagomera, chifukwa posankha bridle funso lagona pomwepo: mukufuna zamumutu zokha, kapena ndi kachitsulo komwe?

Cham'kamwa ndi kachitsulo kokhala pampata wopanda mano, pakati pa mano akutsogolo ndi achibwano. Mukakoka chingwe, kamakanikiza lilime, nkhama ndi m'mbali mwa milomo. Kakachepa m'lifupi kamatsina milomo, kakaonda kwambiri kamacheka. Chapamutu ndi malamba ozungulira kuseri kwa makutu ndi pamphuno. Kwa nyama yofatsa, yoyenda njira yomwe inazolowera, chimakwana chokha, bola lamba akhale wotakata, wofewa, woti zala ziwiri n'kulowa pansi pake. Nayiloni yopyapyala ayi ndithu, imasupula.

Vuto ndi loti tonsefe timangoti "chingwe". Agogo akati "kam'mange chingwe buluyo", mwana amatola chilichonse, ngakhale cholukidwa ndi neti yakale, n'kukulunga m'khosi. Pakutha sabata pali bala, ntchentche zayamba kale.