PHOKOSO NALO LILI NDI SIKELO YAKE

Kwathu kwa Mfumu Zulu ku Mchinji mlimi sagulitsa mtedza pongoyerekeza ndi maso. Amafuna sikelo, ndipo amafuna kuti kilogalamu ya pa Mchinji ikhale yomweyo ya ku Chipata, ngakhale kwacha ya kuno ndi ya tsidya lija la malire zili zosiyana. Koma ikafika nkhani ya phokoso, aliyense amadzisandutsa sikelo. Mwini chigayo amati makina ake akungong'ung'udza, pamene woyandikana naye akuti mutu ukuwawa. Kodi wolondola ndani? M'nkhani ino ndifuna kufotokoza kuti phokoso lili ndi muyeso umene maiko anagwirizana, ndi kuti muyesowo ukukhudza makutu a abale athu.

Khutu la munthu si sikelo yokhulupirika chifukwa limazolowera. Ndi chifukwa chake akatswiri anakonza muyeso wotchedwa desibelo, umene amaulemba mwachidule kuti dB. Muyesowu unayambira ku kampani ya matelefoni ya Bell ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo dzina lake likukumbutsa Alexander Graham Bell. Poyambira pake, pa 0 dB, ndi kaphokoso kochepetsetsa kamene khutu labwino la wachinyamata lingathe kumva. Kunong'ona kumakhala cha m'ma 30 dB, kucheza kwa anthu awiri cha m'ma 60 dB, ndipo phokoso likapyola 120 dB khutu limayamba kumva kuwawa.

Apa tichenjere, anzanga, pakuti madesibelo sawerengedwa ngati matumba a chimanga. Tikawonjeza 3 dB yokha, mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri. Tikawonjeza 10 dB, yawirikiza kakhumi. Motero zigayo ziwiri zolira 90 dB chilichonse zikalirira pamodzi sizifika 180 ayi, zimafika 93 dB. Nambala imasuntha pang'ono, koma katundu amene khutu lasenza ndi wamkulu.

Tsono muyeso ulibe phindu ngati dziko lililonse liyeza mwa njira yake. Mu 1947 maiko anakhazikitsa bungwe la ISO, limene likulu lake lili ku Geneva, kuti lidzigwirizanitsa miyeso. Komiti yake ya nambala 43 ndiyo imaona za mawu ndi phokoso. Komitiyi inalemba ISO 1996, yofotokoza kayezedwe ka phokoso la m'malo okhala anthu, ndiponso ISO 1999, yothandiza kuwerengera mmene kumva kwa wantchito kudzachepere akakhala zaka zakutizakuti m'phokoso. Manambala awiriwa ndi maina a malamulo chabe, si zaka ayi. Bungwe lina la ku Geneva komweko, la IEC, ndilo linalemba za makina oyezera, m'lamulo la IEC 61672. Makinawa amawakonza kuti adzimva monga khutu la munthu, limene silimva kwambiri mawu a besi. Ndipo woyeza asanayambe ntchito amayamba wayesa makina akewo ndi kachipangizo kolira 94 dB ndendende, monga amachitira ndi mwala wa kilogalamu pa sikelo.

Dziko lathu lili nawo m'mgwirizanowu kudzera ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, lomwe lija limayendera masikelo a ogula mbewu. Anzathu a ku Zambia alowamo kudzera ku Zambia Bureau of Standards. Choncho 90 dB ya pa Mchinji ndi yomweyo pa Mwami, ku Lusaka ngakhale ku London. Inu a kwaya, mgwirizano womwewu mumakumana nawo tsiku ndi tsiku: lamulo la ISO 16 la mu 1975 limati liwu la A likhale lonjenjemera ka 440 pa sekondi, n'chifukwa chake limba wogulidwa ku Japan amagwirizana ndi gitala ya ku Johannesburg.

Nanga manambalawa akutiuza chiyani? Maiko ambiri anatenga 85 dB pa maola 8 ngati malire a pa ntchito. Popeza 3 dB iliyonse imawirikiza mphamvu, nthawi nayo iyenera kudulidwa pakati: pa 88 dB maola 4, pa 91 dB maola 2, pa 94 dB ola limodzi lokha. Ngati tilibe makina, pali njira yapafupi. Mukaona kuti mukufuula kuti munthu amene mungathe kumugwira pa phewa akumveni, dziwani kuti phokosolo lafika kapena lapyola 85 dB. Tsopano taganizani za mnyamata wa pa chigayo. Amayi odzagayitsa amakhalapo mphindi zochepa n'kumapita, koma iye amaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akulankhula ndi manja.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaubweya pafupifupi 15,000 timene timalandira mawu ndi kuwatumiza ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa ndi kutipha, ndipo tikafa sitimeranso. Makutu akamalira usiku munthu ataweruka, limenelo ndi chenjezo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Kugontha kotereku kumadza pang'onopang'ono popanda ululu. Munthu amayamba kudandaula kuti anzake akulankhulira m'kamwa, kenaka amaleka kupita ku misonkhano chifukwa cha manyazi.

Ife ophunzira tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya a pa chigayo okha. Bungwe la zaumoyo la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chifukwa cha nyimbo zokweza. Mu 2019 linalangiza kuti womvera nyimbo za m'makutu asapyole 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo mu 2022 linati m'malo a zisangalalo phokoso lisapyole 100 dB. Pa 100 dB, mphindi 15 zakwana kale. Nanga mwana amene wagona kumsana kwa mayi ake pafupi ndi chimkuzamawu cha pa ukwati?

Ndikupempha eni zigayo kuti agulire anyamata awo zotsekera m'makutu, pakuti thonje silithandiza kwenikweni, ndipo aziwalola kusinthana. Inu makolo, musatume mwana kukadikira ufa m'kati mwa chigayo, adikire panja. Abambo ansembe ndi atsogoleri a m'miphakati, pa zikondwerero onetsetsani kuti ana akhale kutali ndi zimkuzamawu. Ndipo amene makutu ayamba kale kulira apite kuchipatala akapimidwe msanga, kuti kumva kumene kwatsalako kutetezedwe.