Chifukwa chiyani mbalame imatuluka mbuu pachithunzi cha pafoni?

Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre. Mbalame zilimo zambiri, ndipo zina zomwezo mumaziona m'mitengo ya ku Area 10, Area 43 kapena Area 3: apumbwa, njiwa, akhwangwala, nthawi zina nantchengwa kufupi ndi madzi. Koma tayesani kujambula imodzi ndi foni. Imatuluka ngati kadontho, kapena mbuu ngati yafufutidwa ndi chala, apo ayi yakuda bii. Ophunzira anga ambiri amafulumira kunena kuti foniyo ndi yotchipa, basi n'kusiya. Ine ndimawauza kuti tiyambe tawerengera, chifukwa mavuto onsewa ndi nkhani ya kuwala, ndipo masamu ake ndi omwe aja timachita m'kalasi ya Physics.

Kadontho

Kamera ya foni ili ndi convex lens imene imasonkhanitsa kuwala n'kupanga chithunzi chozondoka pa sensa. Chinthu chikakhala patali, chithunzi chake chimagwera pafupifupi pa focal length, ndiye kukula kwake timakupeza chonchi: kutalika kwa chinthu, kuchulukitsa ndi focal length, kugawa ndi mtunda.

Pumbwa ndi wotalika pafupifupi masentimita 20. Tinene kuti wakhala panthambi mamita 10 kuchokera pamene mwaima, ndipo focal length ya foni yanu ndi mamilimita 5, monga zilili m'mafoni ambiri. Sinthani zonse zikhale mamilimita: 200 kuchulukitsa ndi 5, kugawa ndi 10,000. Yankho ndi mamilimita 0.1. Ngati sensayo ndi ya mamilimita 6 m'lifupi ndipo ili ndi ma pixel 4,000 pamzere, pumbwa yense wakwana m'ma pixel 67 okha. Diso lake lingaoneke bwanji pamenepo?

Kutambasula zala pa sikirini sikuthandiza. M'mafoni ambiri zoom imeneyi imangokulitsa ma pixel 67 omwewo, siwonjezera kanthu. Anthu a makamera aakulu aja amagwiritsa lens ya mamilimita 400, imene pamtunda womwewo imapereka chithunzi cha mamilimita pafupifupi 8. Inu focal length simungaisinthe, koma mtunda uli m'manja mwanu. Pa mamita 3, pumbwa uja amatenga ma pixel opitirira 200. Ndipo musamamulondole, amathawa. Ikani mbale ya madzi pansi pa mtengo nyengo yotentha, khalani phee pafupi, abwera yekha. Ngati kalabu ya wildlife pasukulu panu ili ndi binoculars, gunditsani kamera ya foni pagalasi loonerapo. Zolembedwa 8x zimakulitsa chithunzi ka 8.

Mbuu

Chithunzi sichijambulidwa m'kamphindi kopanda utali. Sensa imatolera kuwala kwa nthawi inayake, imene timaitcha shutter speed, ndipo chilichonse chimene chasuntha m'nthawi imeneyo chimasiya mkwasa.

Mu 1838, Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris. Msewuwo unkadutsa anthu ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo, koma pachithunzicho ukuoneka wopanda anthu. Kamera yake inkafuna mphindi zingapo kuti itolere kuwala kokwanira, ndiye aliyense woyenda anasowa. Amene akuoneka bwino ndi bambo wina amene anaima malo amodzi akupolishitsa nsapato.

Foni yanu ndi yachangu kwambiri kuposa pamenepo, koma lamulo ndi lomwelo: mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi. Njiwa ikamauluka mamita 10 pa sekondi, foni n'kutolera kuwala kwa 1/50 ya sekondi, njiwayo yasuntha masentimita 20 chithunzi chisanathe. N'chifukwa chake mumaona mzere wotuwa m'malo mwa mbalame. Pa 1/1000 ya sekondi imasuntha sentimita imodzi yokha, ndipo mutu ndi mapiko zimaoneka.

Nanga bwanji osangoika 1/1000 nthawi zonse? Palibe chaulere. Mukafupikitsa nthawi ka 20, kuwala kolowa kumachepanso ka 20. Foni imabweza pokweza ISO, kutanthauza kukulitsa magetsi ochepa amene sensa yapanga, ndipo chithunzi chimadzaza timadontho ngati mwawazapo mchenga. Mumthunzi wa mitengo ya m'mbali mwa Lingadzi, foni payokha imatalikitsa nthawi kuti ipeze kuwala, inu osadziwa. Choncho dikirani mbalame ifike powala. Ngati kamera yanu ili ndi Pro kapena Manual, sankhani nokha 1/500 kapena 1/1000. Dzanja nalonso limanjenjemera, ndiye tsamiritsani zigongono pampanda kapena pamtengo.

Bii

Njiwa ili pawaya wa magetsi, kumbuyo kwake thambo lowala. Foni imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, imapeza kuti thambo lachuluka, n'kuchepetsa kuwala kolowa. Thambo limatuluka bwino, njiwa n'kuda. Dinani pa mbalameyo pa sikirini kuti foni iyezere pamenepo, koma chachikulu zungulirani mpaka dzuwa likhale kumsana kwanu. Mthunzi wanu uziloza kwa mbalame.

Nthawi nayo ndi yofunika. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa equator, ndiye masana dzuwa limakhala paliwombo kapena kufupi, makamaka chakumapeto kwa October ndi pakati pa February. Kuwala kochokera pamwamba kumaotcha msana wa mbalame pachithunzi, pamimba ndi m'maso n'kusiya mdima. M'mawa ndi madzulo kuwala kumabwera cham'mbali, kutadutsa mumpweya wambiri umene umamwaza mtundu wa buluu n'kusiya wachikasu ndi wofiirira. Mwayi wake, m'mawa ndi pamenenso mbalame zimatanganidwa kufuna chakudya.

Kumwazika kwa kuwala komweku kumakhudza ojambula mapiri. Mu September ndi October, utsi wa lupsa ndi fumbi zimachititsa phiri lakutali ngati Bunda kuoneka lotuwa. Mvula yoyamba ikatsuka mpweya, phiri lomwelo limaoneka ngati lasendera.

Yesani izi

Pemphani mnzanu apalase njinga kudutsa patsogolo panu, inu mutaima chilili. Mujambuleni pa 1/30, kenako pa 1/250, kenako pa 1/1000. Pachithunzi choyamba yerekezani utali wa mkwasa ndi kukula kwa tayala, limene mungaliyeze ndi rula. Gawani mtundawo ndi nthawi, mupeza liwiro la njingayo. Akakhala kuti amayenda mamita 5 pa sekondi, mkwasa uyenera kukhala pafupifupi masentimita 17. Mwasandutsa foni kukhala chida cha mu labu.

Mukabwerera kwa mbalame, chisa chisiyeni. Make akathawa chifukwa cha inu, mazira amazizira ndipo akhwangwala sachedwa kuona. Malawi ili ndi mitundu ya mbalame yopitirira 600. Yambani ndi pumbwa wa pakhomo panu, ndipo mulembe mtunda, nthawi ndi shutter speed ya chithunzi chilichonse, kuti mudziwe chimene chasintha.