Kanyumba ka Mapesi Kuseri kwa Nkhokwe

Nsima yanga yoyamba ndinaphika ndili ndi zaka 9, kumasanje, m'kanyumba ka mapesi komwe tinamanga kuseri kwa nkhokwe ya agogo. Anthu anali atangomaliza kukolola, ndipo chimanga tinachipeza pokunkha m'minda ya eni, n'kusinja tokha. Madzi asanatenthe bwino, ine ndinakhuthulira ufa wonse mumphika kamodzi. Chimene chinatuluka sichinali nsima, sichinalinso phala: pansi chopserera, pamwamba chosapsa. Anzanga anayi anaseka mpaka misozi, kenako tinadya chomwecho ndi chisoso chopanda mchere. Agogo anali pakhonde akuswa mtedza. Utsi anauona, fungo la zopserera analimva, koma sanadzuke. Madzulo anangofunsa kuti, "Kumudzi kwanuko mwakhuta?" Tsiku lachitatu nsima inagwira, ndipo palibe wamkulu amene anandigwira dzanja.

Panthawiyo ndinkaona ngati agogo alibe nafe ntchito. Ndazindikira nditakula kuti kukhala pansi kuja kunali kovuta kuposa kudzuka n'kudzandilanda mthiko. Iwo anali atawerengera kale: ufa wokunkha ukaonongeka palibe agone ndi njala, moto uli kutali ndi denga la nyumba, ndiye mwanayu alakwe pamene kulakwa kuli kotchipa. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Mwambiwu sunena kuti ikafota muitane mudzi wonse udzamuseke. Umangoti msemere.

Chaka chomwecho kusukulu zinali zina. Tsiku lotsekera tinkasonkhana pansi pa mtengo, makolo atakhala pamabenchi, aphunzitsi n'kumaitana mayina kuyambira nambala wani kutsika m'munsi. Akafika pena ankapinda pepala n'kunena kuti amene sanamve mayina awo alephera. Pamenepo mfuu unkabuka. Ndikukumbukira mtsikana wina wa m'kalasi mwathu amene anathawa kudzera m'dambo kuti asakumane ndi anthu panjira, ndipo teremu yotsatira sanabwerenso. M'kalasi namo, kuyankha molakwa kunkabwera ndi chikwapu, ndipo kuthyola Chingerezi kunkabwera ndi dzina lachipongwe loti ukhala nalo mpaka sitandade 8. Tinaphunzira msanga kuti wosakweza dzanja sakwapulidwa. Phunziro limeneli tinakhoza bwino kwambiri, moti mpaka lero pamsonkhano wa kuntchito wapampando akafunsa ngati wina ali ndi ganizo, anthu a madigiri awo amaweramira mapepala.

M'chaka cha 1979, James Stigler, yemwe panthawiyo ankaphunzira pa yunivesite ya Michigan ku America, anakhala kumbuyo kwa kalasi ina ya ana a chaka chachinayi ku Japan. Anawo ankaphunzira kujambula bokosi looneka mbali zitatu, ndipo mnyamata mmodzi zinkamukanika. Bokosi lake limangotuluka lopindika. Mphunzitsi anasiya okhoza onse n'kuitana iyeyo kuti akajambule pabolodi. Stigler amafotokoza kuti iye mwini ndi amene anayamba kutuluka thukuta, poti kwawo zotere zikanathera m'misozi. Mnyamatayo sanalire. Ankajambula, anzake n'kupukusa mitu kuti sizinakhale bwino, iye n'kufufuta, n'kuyambanso. Phunziro likupita kumapeto bokosi linaongoka, kalasi yonse n'kumuombera m'manja.

Nkhaniyi inandisokoneza nditangoimva. Ndinkakhulupirira kuti chomwe chinkatipweteka pansi pa mtengo paja n'kuchuluka kwa maso, koma mnyamata wa ku Japan uja maso anamuchulukiranso. Kungoti maso amenewo ankamudikira kuti amalize, pamene athu aja ankabwera mlandu utatha kale. Aphunzitsi a sukulu za mkaka kumeneko ali ndi liwu loti mimamoru, kutanthauza kuyang'anira mwana uli poteropo, osafulumira kulowerera ngakhale akulimbirana choseweretsa ndi mnzake. Agogo anga liwuli sanalimvepo, koma pakhonde paja ankachita zomwezo.

Sindikuwada aphunzitsi athu. Kuyambira 1994, pamene boma linachotsa fizi kupulayimale, ana anakhamukira kusukulu mochuluka kuposa makalasi ndi aphunzitsi omwe analipo. Munthu mmodzi amene waimirira patsogolo pa ana 100 alibe mphindi zodikira kuti bokosi la mwana mmodzi liongoke. Komabe mfuu wa tsiku lotsekera sunabwere chifukwa cha umphawi. Umenewo tinachita kusankha.

Ku Denmark kunali katswiri wokonza mapaki, Carl Theodor Sørensen, amene anaona chinthu chomuchititsa manyazi pang'ono: ana ankasiya mabwalo okongola omwe akuluakulu ankawakonzera n'kumakasewera pamalo omanga nyumba, pakati pa njerwa ndi matabwa. Mu 1943, dzikolo lili m'manja mwa asilikali a Germany, ku Emdrup mumzinda wa Copenhagen kunatsegulidwa bwalo la zinthu zotayidwa, komwe ana ankapatsidwa matabwa, misomali ndi nyundo kuti azimanga n'kumagwetsa okha, wamkulu mmodzi ali chapatali. Nkhondo itatha, Lady Allen wa ku Hurtwood anatengera nzeruyi ku Britain. Ndikamawerenga zimenezi ndimaseka ndekha. Anthuwo anafunika katswiri ndi malo ochita kupatula kuti apeze chimene mwana wa ku Dedza ankachipeza akangotuluka pakhomo: dothi loumbira ng'ombe, mawaya opangira galimoto, mapepala apulasitiki omangira mpira wachikulunga. Galimoto yamawaya yoyamba siyenda, mateyala amaguluka pakhomo pomwepo, ndipo palibe amene amakulembera ziro. Koma kusekako sikukhalitsa, chifukwa ife amene tinakulira kumasanje ndi amene lero timatumiza ana kumaphunziro apadera holide yonse, kuopa kuti angataye nthawi n'kusewera.

Kulakwa kumafuna malo ake, ndipo apa m'pamene ndimatsutsana ndi anzanga ena obwera kuchokera kunja. Iwo amati Amalawi sitidziwa kupatsana mpata. Umboni wawo ndi minibasi, momwe timathinana anayianayi pampando, mwana wa eni ali pamiyendo pako, dengu la tomato lili pamapazi. Katswiri wa ku America wa za chikhalidwe cha anthu, Edward T. Hall, analemba mu 1966 kuti kwa anthu akwawo, munthu akafika pafupi kuposa masentimita 45 ndiye kuti walowa malo a okondana ndi apabanja okhaokha. Tikatengera muyeso umenewo, okwera minibasi ya ku Ndirande onse ndi pachibale.

Komatu Hall ankayeza ndi masentimita, pamene ife timayeza ndi ubale. Mlendo safika pakhomo n'kungolowa. Amaima pabwalo n'kunena "Odi", ndipo akapanda kuyankhidwa amabwerera ngakhale chitseko chili pululu. Mwana akakula salowanso kuchipinda kwa makolo ake. Mkamwini akaona apongozi akubwera panjira amapatuka, moni n'kuperekera patali atanjuta, mtunda woti Mzungu angadabwe nawo. Ndipo mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo n'kukagona kugowelo, kawirikawiri lomanga yekha ndi anzake, atsikana n'kumagona kukuka kwa agogo. Gowelo likapindika khoma kapena kudontha, zake zimenezo. Chaka chamawa afolera bwino. Mmenemo ndi momwe mnyamata ankaphunzira kusunga kanthu kake, kusoka kabudula wake mokhotakhota, kuyeserera mawu oti akanene kwa mtsikana, anzake n'kumuseka, nkhani n'kuthera momwemo. Makolo athu analibe makiyi, koma malire anali nawo ambiri.

Chimene sitinachizolowere n'chakuti munthu akhale yekha popanda kupereka chifukwa. Tsekani chitseko masana Loweruka muone. Pasanathe ola wina agogoda: "Kodi mukudwala?" Mukati ayi, funso lachiwiri ndi lakuti, "Nanga takulakwirani chiyani?" Mukapitiriza masiku atatu mwasanduka wonyada, ndipo kumudzi ena ayamba kunong'onezana kuti m'nyumbamo muli zomwe mukuweta. M'tauni zafika poipa chifukwa gowelo mulibe. Ku Mtandire kapena ku Mbayani banja la anthu asanu ndi awiri limagona m'zipinda ziwiri, malire ake nsalu yopachika pachingwe. Mtsikana amene akufuna kuyesa kulemba ndakatulo, kapena kungolira pang'ono osafunsidwa, alowera kuti? Tinasamukira m'tauni ndi maso onse a kumudzi, kanyumba ka kuseri kwa nkhokwe n'kukasiya.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu timamutchula monyadira masiku ano, koma tisaiwale mmene zinayambira. Asanapange makina amphepo opangira magetsi aja, iye ndi msuweni wake anaononga mawailesi angapo pofuna kudziwa kuti mawu amachokera pati. Atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002, ankatola zitsulo pamalo otayirapo zinthu n'kumaziunjika kuchipinda kwake. Anthu ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Chimene anali nacho ndi mabuku a mulaibulale yaing'ono, chipinda choti aunjikemo zinyalala zakezo, ndi bambo amene pamapeto pake anamulola kuphwasula njinga yawo. Njinga pakhomo la mlimi si chinthu chaching'ono. Bamboyo anasema nyanga ya nsatsi yodula kwambiri, ndipo mwamwayi iyi sinafote. Koma ndimadzifunsa kuti ndi angati anzake a William amene mudzi unawaseka mpaka anasiya pa wailesi yachiwiri.

Nawo a zitseko zokhoma ali ndi maliro awo. Mu January 2018 boma la Britain linasankha nduna yoona za vuto la kusungulumwa, ndipo Japan anachita chimodzimodzi mu 2021. Ku Japan komweko, komwe mwana amaomberedwa m'manja pabolodi, wamkulu akalephera mayeso olowera kuyunivesite kapena ntchito ikamuthera, manyazi ake amakhala olemera zedi. Alipo anthu otchedwa hikikomori, amene amadzitsekera m'nyumba miyezi kapena zaka osafuna kuonana ndi anthu, ndipo kafukufuku amene boma lawo linatulutsa mu 2023 anayerekeza kuti alipo pafupifupi 1.46 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 64. Chipinda chomwe chikanakhala pobisalira mvula chinasanduka ndende. Kwathu kuno zimenezo n'zovuta kuchitika, chifukwa dzuwa lisanafike pamutu wina akhala atanena kale odi. Funso lotopetsa lija loti "mukudwala?" lapulumutsa anthu ambiri, ndipo ine sindingalisinthanitse ndi makiyi a ku London. Chimene ndikupempha n'chochepa: wofunsayo akayankhidwa kuti "ndili bwino, ndikungofuna kukhala ndekha pang'ono", akhulupirire, abwerenso madzulo.

Pali chinthu chimodzi cha akuluakulu chimene ndimasirira kunjako. Pa 1 December 1974 ndege ya kampani ya TWA inaomba phiri ikuyandikira bwalo la Dulles pafupi ndi Washington, anthu onse 92 n'kufa. Pofufuza anapeza kuti milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, oyendetsa ndege ya kampani ina anatsala pang'ono kuomba phiri lomwelo chifukwa chosamvetsetsana ndi owongolera ndege mofanana ndendende. Iwo anakanena kukampani kwawo, koma uthengawo sunafike kwa oyendetsa a makampani ena. Mu 1976 dziko la America linakhazikitsa njira yoti woyendetsa ndege aliyense azitha kulemba kulakwa kwake n'kutumiza ku bungwe la NASA, lomwe limachotsa dzina lake n'kugawira ena phunzirolo. Anaona kuti munthu saulula kulakwa pabwalo pomwe akudziwa kuti akwapulidwa, ndiye anamumangira kanyumba koululiramo. Taganizirani namwino wathu amene wazindikira kuti anapereka mankhwala molakwika usiku, kapena kalaliki amene wasokoneza manambala. Njira yomwe tinamuphunzitsa pansi pa mtengo paja ndi imodzi: khala chete, mwina sizidziwika. Mnzake adzalakwitsa pomwepo mwezi wamawa.

Ndipo ana a lero zawavuta kuposa ife. Nsima yanga yosapsa anaiona anthu anayi, ndipo pofika chaka chotsatira anali ataiwala. Lero mwana akathyola Chingerezi pamaso pa foni ya munthu, madzulo kanema wake ali pa WhatsApp ndi pa Facebook, akuseketsa anthu ku Mzuzu ndi ku Johannesburg, ndipo otumizirana kanemayo ndi ife akuluakulu. Mfuu wa tsiku lotsekera sukulu uja tsopano sutha.

Holide ikubwerayi, mwana wanu akakupemphani ufa ndi kapoto, mupatseni makapu awiri ndi poto wakale uja mumati mutaye. Muonetseni pokolezera moto patali ndi nyumba, muike ndowa ya madzi pafupi. Kenako inu mukakhale pakhonde pomwe mukumuona, foni muisiye m'nyumba, ndipo fungo la zopserera likakufikani musadzuke.