Pamene khasu limakana: zomera zopirira pamiyala ya ku Mangochi

Aliyense amene anadutsapo msewu wopita kwa Chembe mu Okutobala akudziwa mmene mapiri a ku Nankumba amaonekera nthawi imeneyo. Udzu umakhala utapsa, milambe itayoyola masamba, matanthwe akutentha moti sungapondepo wopanda nsapato. Koma ukasuzumira m'ming'alu ya miyalayo umapeza zomera za masamba onenepa zili moyo ndithu, chonsecho sizinalawe madzi chisiyireni mvula mu Epulo. Amene akufuna kukonza kadimba pamalo a miyala pakhomo pake, kaya ndi ku Monkey Bay, Makawa, Nkope kapena Malindi, ayambe waphunzira kwa zomera zimenezi asanatulutse ndalama yogulira mbande.

Ambiri amagula maluwa okongola ku Zomba kapena ku Blantyre, n'kudabwa kuti afota Novembala asanathe. Vuto si dzanja la wobzala ayi. Gombe la nyanja lili pansi, mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo m'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 35. Mvula ya chaka chonse, yomwe ndi mamilimita pafupifupi 800, imagwa m'miyezi inayi kapena isanu yokha. Mwala nawo umasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Duwa limene likusangalala kumtunda kwa Namwera likhoza kupserera mukalitsitsira kugombe, ngakhale boma lake ndi lomweli.

Zomera zokhalitsa, zija mumabzala kamodzi n'kukhala nazo zaka zambiri, zili ndi njira zake zopulumukira. Tsamba lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowera mpweya, ndipo madzi amathawiranso pomwepo. Chimanga ndi bonongwe zimatsegula timabowoti masana, dzuwa likuswa mtengo, n'chifukwa chake zimafota msanga. Alovera ndi khonje zimatseka masana n'kutsegula usiku kukazizira. Mpweya umene zakoka usikuwo zimausunga m'masamba, kukacha n'kuugwiritsa ntchito popanga chakudya. Madzi otayika amakhala ochepa kwambiri, komano kakulidwe kake n'kapang'onopang'ono, ndipo mizu yake sipirira chinyontho chokhalitsa. Alovera wambiri amene amafa m'makomo mwathu amafa ndi madzi, osati ludzu. Pa dothi la makande, limene limagwira madzi m'dzinja, tsinde limawola m'masabata ochepa.

Ndiye poyambira ndi alovera ndi abale ake. Dziko lathu lili ndi mitundu yakeyake ya chomerachi. Wina ndi Aloe chabaudii, womera m'magulumagulu pamatanthwe, ndipo wina ndi Aloe cameronii, amene masamba ake amafiira psu dzuwa likakula. Amachita maluwa m'nyengo yozizira, pamene zomera zambiri zilibe kanthu, ndipo timadzi ta m'maluwamo timaitana njuchi ndi mbalame. Koma musakazule kuthengo. Mapiri ozungulira Cape Maclear ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Alovera amabereka ana ambiri m'mphepete mwa tsinde, kotero kupempha mwana mmodzi kwa mnansi n'kokwanira.

Popeza alovera timamutenga ngati mankhwala, pali zofunika kuzinena mosabisa. Mukadula tsamba pamatuluka zinthu ziwiri. Pali mnofu woyera woterera wa m'kati, umene ungaziziritse khungu lopsa pang'ono, mutayamba mwalithira madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Palinso madzi achikasu owawa otuluka pansi pa khungu la tsamba, ndipo amenewa amatsegula m'mimba mwamphamvu. Mu 2002 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linaletsa kugulitsa mwachisawawa mankhwala otsegula m'mimba opangidwa ndi madzi amenewa. Mayi woyembekezera, mwana wamng'ono ndi wodwala impso asamwe. Bala lalikulu la moto, makamaka pa mwana, ndi la kuchipatala, osati la tsamba.

Kadimba ka miyala sikayenera kukhala kongoonera. Lemonigirasi amapirira dzuwa, amathira fungo labwino mu tiyi, ndipo tsinde limodzi limakhala zaka. Iye amafuna madzi pang'ono m'chilimwe, choncho muikeni kumunsi, kumene mumataya madzi otsukira mpunga kapena ndiwo. Ena amati udzuwu umathamangitsa udzudzu. Mafuta ake akhoza kutero kwa kanthawi, koma tsinde longoima pabwalo silingateteze munthu ku malungo, ndipo ku Mangochi, komwe malungo sasowa chaka chonse, neti ndi yosasinthanitsa ndi china chilichonse. M'malire a kumunsi bzalani mzere wa vetiva, udzu womwe alangizi a zaulimi amalimbikitsa pa akalozera. Mizu yake imalowa pansi molunjika mpaka mamita awiri kapena atatu, simwazikira m'mbali, ndipo imagwira dothi mvula yamkuntho ikabwera. Pakona imodzi chammwamba chikhoza kukwana ngati mumachidulira msinkhu wa pachifuwa chaka ndi chaka. Masamba ake ndi ndiwo yopatsa thanzi m'miyezi imene masamba ena amadula pamsika.

Kusankha kwenikweni kuli pa zimene muyenera kuzikana, chifukwa zomera zambiri zopirira chilala zimadziteteza ndi poizoni. Nkhadze imamera paliponse ndipo mbuzi siziivutitsa kwenikweni, koma mkaka wake ukalowa m'diso umawotcha, ndipo munthu akhoza kukhala masiku osaona. Zikachitika, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, musathiremo china chilichonse, ndipo thamangirani kuchipatala. Ogulitsa maluwa amakonda kutsatsa Adenium, kamtengo ka tsinde lotupa ngati kamlambe, ka maluwa ofiirira. Kamakula bwino kwambiri kunyanja, komano utomoni wake uli ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo m'madera ena a mu Africa alenje ankaupaka kumivi. Oleander nayenso ndi chimodzimodzi. Njere za nsatsi ndi za jatrofa zimakopa ana chifukwa zimaoneka zodyedwa. Ine ndikuona kuti pakhomo pamene pali mwana wokwawa kapena wosewera masanje, zomera zimenezi zisapezekepo ngakhale zikongole bwanji. Khonje alibe vuto la mtundu umenewu, koma nsonga ya tsamba lake ndi yakuthwa ndipo imakhala pamsinkhu wa diso la mwana. Ngati mwamubzala, muzidula nsongazo.

Kachere kapena mkuyu ukamera wokha pakati pa miyala, uzuleni udakali waung'ono. Kuphiri mizu yake imang'amba thanthwe, ndipo maziko a nyumba kapena chimbudzi sangalimbe kuposa thanthwe.

Kayalidwe ka miyala nakonso n'kokhudza umoyo. Mulu wa miyala yongounjika uli ndi mphako, ndipo mphako ndi nyumba ya zinkhanira ndi mphiri. Kwirirani mwala uliwonse gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kutseka mipata ndi mchenga. Mwala wa chibowo pamwamba utembenuzeni kapena mudzazemo dothi, pakuti kunja kukamatentha madzi ongokhala sabata imodzi kapena masiku khumi amakwana kuti mazira a udzudzu asanduke udzudzu wouluka. Dothi lobzalamo likhale losakaniza mchenga wokhakhala, timiyala ndi manyowa owolerana pang'ono chabe, ndipo malowo akwere kuti madzi azitsetsereka. Mbande ikani mbali ya kum'mawa kwa mwala waukulu, kuti ilandire dzuwa la m'mawa n'kubisala ku la masana, lomwe ndi loopsa. Pansi pa mwala dothi limachedwa kuuma, ndipo mizu imalondola komweko.

Mbuzi musaziiwale. M'chilimwe zimayenda momasuka m'midzi yambiri ya kugombe, ndipo chammwamba chaching'ono chopanda mpanda sichigona usiku.

Vetiva, lemonigirasi ndi chammwamba bzalani mvula ikakhazikika mu Disembala. Alovera dikirani naye mpaka mvula ikamapita kumapeto, cha mu Malichi kapena Epulo. Mukachotsa mwana patsinde, msiyeni pamthunzi masiku atatu kuti bala liume, kenako mubzaleni mosazamitsa, masamba a pansi asakhudze dothi. Sabata yoyamba musathirire. Kuyambira pamenepo lowetsani chala m'dothi musanatenge ndowa, ndipo mukamva chinyontho dikirani kaye masiku ena.