Spider-Man pa Benchi ya pa Chitakale

Kumapeto kwa Ogasiti, sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira, mabenchi a pa Chitakale ndi a mu msika wa pa Boma la Mulanje amasintha maonekedwe. Zikwama zoberekera kumsana zimalendewera pa misomali ndi pa zingwe, ndipo nkhope yochuluka ndi ya munthu wopanda pakamwa, wa maso awiri oyera: Spider-Man. Pambali pake pamakhala Batman ndi mleme wake pachifuwa, Hulk wobiriwira uja, ndi chilembo cha S cha Superman. Mwana wa sitandade 1 amawadziwa onsewa maina. Agogo amene amuperekeza sawadziwa, koma amadziwa kuti mdzukulu akaloza chikwama chimenecho, china sachifunanso.

Amene amadyera pa zithunzi zimenezi alipo ambiri, ngakhale palibe amene anganene kuti geni yake ndi ngwazi za m'mafilimu. Mukawafunsa ayankha kuti amagulitsa kaunjika, ali ndi okala, ndi atelala, kapena amaika mafilimu m'mafoni. Koma katunduyu amadutsa m'manja mwa onsewa, ndipo aliyense ali ndi nzeru yake imene mnzake alibe.

Ovutika kwambiri, komanso odziwa kwambiri, ndi a kaunjika, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Ulendo wao umayamba mbandakucha, pa minibasi ya ku Limbe, kudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo. Ku Limbe amakaoda belo, kawirikawiri la makilogalamu 45, lokulungidwa ndi kumangidwa zolimba. Wogula saloledwa kulitsegula. Amangowerenga kapepala kolembedwa kuti ndi zovala za ana kapena majuzi, ndi giredi yake, n'kupereka ndalama. Zimene zili m'katimo adzaziona akafika kwao, ndipo belo likakhala loipa palibe kobweza. N'chifukwa chake tsiku lotsegula belo mtima umakhala m'mwamba. Anthu amaunjikana mawaya asanadulidwe, ena ndi ogulitsa anzake a mpamba wochepa amene amasankhamo zabwino pa mtengo wokwererapo kuti akayende nazo m'misika ya ku Limbuli ndi kwa Nkando. Mwini belo amayenera kubweza ndalama yake m'masiku oyambirirawo, pa zovala zosankhikazo. Zotsala ndizo zimathiridwa pa mulu wotchipa, pamene ogula amawerama n'kumafukula okha.

Mayi wozolowera ntchitoyi akatulutsa tisheti ya Spider-Man saiponya pa mulu. Amaikutumula, amayang'ana m'khosi ndi m'khwapa, kenaka amakoka pang'ono pamene pali chithunzi kuti aone ngati utoto wayamba kusweka. Ikakhala bwino amaipachika pa hang'ala, kutsogolo, pamene mwana wodutsa ndi mayi wake aione. Wogulitsayo filimu ya Spider-Man mwina sanaionerepo, koma amadziwa kuti yofiira ya kangaude imatuluka msanga kuposa yakuda ya mleme, kuti asungwana amafuna Elsa wa mu Frozen, ndiponso kuti juzi ya chipewa yokhala ndi chithunzi isungidwe mpaka Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'phiri. Amadziwanso nthawi imene malipiro amatuluka m'maesiteti a tiyi, ku Lujeri ndi kwina, chifukwa ndi pamene msika umadzaza. Nzeru imeneyi sinalembedwe paliponse, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yozama kuposa mmene anthu amaiyesera.

Nthawi zina m'belo mumatuluka chovala chathunthu, chochokera kukhosi mpaka kumapazi, cha minofu yabodza pachifuwa. Zambiri mwa izi zidagulidwa ku Ulaya ndi ku America kuti mwana avale usiku umodzi wa Halloween, pa 31 Okotobala, kenaka makolo n'kuzipereka ku mabungwe otolera zovala. Zikafika ku Mulanje zimapeza ntchito yeniyeni. Mwana amavala pa Khirisimasi, pa tsiku lotsekera sukulu ya mkaka, ngakhale ku tchalitchi, ndipo amayenda ngati mfumu. Chigoba chakumaso nthawi zambiri chimakhala chitasowa kale m'njira, choncho wogulitsa amene wachipeza chili chonse amadziwa kuti walasa.

Chimene chawafoola amayiwa si kusowa kwa ogula koma mtengo wa belo. Zovalazi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo dola idapitirira kusowa m'mabanki. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe adachita zionetsero mpaka ku Nyumba ya Malamulo, kudandaula kuti mabelo akukwera mtengo mosalekeza. Ululu womwewo udamveka kuno. Amene ankaoda belo yekha adayamba kugawana ndi mnzake, ena adabwerera ku kusankha m'mabelo a eni, ndipo mpamba wa ambiri ndi ngongole ya banki m'khonde imene iyenera kubwezedwa kaya malonda ayenda kaya ayi. Onjezanipo chiphaso cha msika cha tsiku ndi tsiku, wa kabaza wonyamula katundu, ndi mvula ya ku Mulanje imene imatha kugwa sabata yonse zovala zili zofunditsidwa pepala. Namondwe wa Freddy atasakaza boma lino mu Malichi 2023, mabanja otaya nyumba ankafuna mabulangete ndi mapoto. Chidole panalibe wochiyang'ana.

Gulu lachiwiri ndi la ogulitsa katundu watsopano: zikwama, mabotolo a madzi, mawotchi a pulasitiki, masokosi, zomata pa makope, ndi tizidole tomangidwa pa katoni. Ambiri ndi anyamata, ena pa benchi, ena oyenda nazo m'manja pa siteji. Amapikula m'mashopu a ku Limbe, ndipo katunduyo amachokera ku China, kumene kuli misika ikuluikulu ya zinthu zing'onozing'ono monga wa mumzinda wa Yiwu. Wina amalowa kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Wambiri alibe chilolezo cha eni zithunzizo, ndipo zimaoneka: dzina lolembedwa molakwika, Batman wovala zofiira, ngwazi za Marvel ndi za DC zili pa chikwama chimodzi pamene kwao ndi za makampani opikisana. Mwana alibe nazo kanthu. Kholo ndi limene limadandaula, chifukwa chikwama choterechi chimatha kuduka lamba teremu isanathe.

Apa ndi pamene telala wa pa khonde ndi wosoka nsapato amapezerapo yao. Amasintha zipi, amabwereza ulusi pa lamba, amaika chigamba pansi pamene makope abowola. Telala wabwino amasamala kuti singano isadutse pa nkhope ya ngwaziyo, podziwa kuti mwini chikwama waima pomwepo akuyang'ana. Makolo ozindikira amafunafuna chikwama cha kaunjika ngakhale chikhale chodulirapo, popeza nsalu yake imakhala yolimba.

Nanga mwana wa kwa Mabuka kapena kwa Chikumbu adamudziwa bwanji Spider-Man? Ambiri sanagwirepo buku la zithunzi la Marvel. Adamudziwira m'tinyumba ta vidiyo, momwe amalipira kandalama n'kukhala pa benchi, ndi kwa anyamata a makompyuta amene amathira mafilimu mu memole khadi. Koposa onse ndi aja omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amalankhula m'malo mwa osewera onse, kuwapatsa maina akuno ndi kuthiramo nthabwala za m'misika yathu. Amenewa ndiwo amaitanira malonda a wogulitsa zikwama, ngakhale sagawana naye kanthu. Filimu ikatchuka m'mavidiyo, chithunzi chake chimayamba kufunidwa pa benchi. Black Panther wa 2018 adakondedwa ndi akuluakulu omwe, chifukwa ngwazi yake inali mfumu ya Chiafirika. Palinso ojambula zikwangwani, amene amapenta ngwazizi pa makoma a sukulu za mkaka ndi pa malo ometera, akuonera kachithunzi ka pa foni.

Kumene zithunzizi zidabadwira, ndalama zake ndi zoopsa. Superman adatuluka koyamba mu 1938 m'buku la Action Comics, limene linkagulidwa masenti 10. Anyamata awiri amene adamupeka, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adagulitsa umwini wake pa madola 130 okha, ndipo adatha zaka zambiri akulimbana m'makhoti kuti apezeko gawo. Mu 2024 buku limodzi loyambalo lidagulidwa pa madola 6 miliyoni. Batman adabwera mu 1939, Spider-Man wa Stan Lee ndi Steve Ditko mu 1962, ndipo mu 2009 kampani ya Disney idagula Marvel pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Kumeneko kuli anthu akuluakulu amene amagula chidole osachitsegula m'bokosi, n'kuchisunga zaka, chifukwa chikangotsegulidwa mtengo umatsika. Kuno tisheti imavalidwa ndi mkulu, n'kutsikira kwa mng'ono wake, n'kupita kwa msuweni kumudzi, mpaka kangaude uja atafufutika. Sindiona kuti chikondi cha mwana ameneyu chimachepa poyerekeza ndi cha wosunga m'bokosi. Chimene chimandiwawa ndi chakuti pa mzere wonse wa anthu odyera pa chithunzichi, woika ndalama yake pa chiswe kwambiri ndi mayi wa belo uja, ndipo ndiyenso wotsala ndi zochepa.

Mulanje ali nazo zinthu zake zimene alendo amagula kuti akasunge. Ku Likhubula, pamene anthu amayambira kukwera phiri, osema akhala akugulitsa mabokosi a mkungudza kwa zaka zambiri, mtengo wonunkhira umene kwao kwenikweni ndi phiri lino lokha. Koma mkungudza waukulu udatha ndi macheka, kuudula n'koletsedwa, ndipo ntchito ya osemawo ikudalira mitengo ina ndi alendo ochepa. Chaka chilichonse mu Okotobala, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, nsalu ya mwambowo imagulidwa ndithu, monganso majezi a Bullets ndi a Wanderers. Zimenezi zikusonyeza kuti anthu athu amagula chizindikiro chao chikapezeka pa mtengo woti angakwanitse.

Nkhani zoti zijambulidwe sizikusowa. Pali Napolo, amene anthu a ku Phalombe amamukumbukira pa madzi a mu 1991. Pali mizimu ya pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Pali Kalikalanje wa m'nthano za Chiyao, ndi John Chilembwe amene adaphedwa chakuno mu Febuluwale 1915 akulowera ku Mozambique. Pali onyamula katundu wa alendo, amene amathamanga mpikisano wokwera ndi kutsika phirili chaka ndi chaka. Achinyamata odziwa kujambula alipo, ndipo makina odindira matisheti ku Blantyre alipo. Chovuta ndi masamu. Wojambula wakuno ayenera kugula tisheti yoyera, kulipira wodinda, kulipira ulendo wa ku Blantyre, ndipo pofika pa benchi mtengo wake wapitirira wa Spider-Man wa m'belo, amene wina adamulipirira kale kutsidya kwa nyanja n'kumupereka ulere. Kuonjezera apo, mwanayo sanaonerepo filimu ya Kalikalanje m'vidiyo, choncho sangaloze. Wogulitsa wa pa Chitakale, amene ali ndi ngongole yoti abweze Lachisanu, sangapachike kutsogolo chinthu chimene mwana sakuchidziwa.